Kodi ayironi amasintha bwanji timikanda ta resin tofewetsera madzi?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndimasamalira makina ofewetsa madzi a pa mjigo, ndipo ndaona kuti timikanda ta m'thanki, timene tinali tachikasu, tafiira ngati dzimbiri, komanso sitikugwiranso kashiamu monga kale ngakhale ndimatitsuka ndi madzi a mchere. Kodi chitsulo cha m'madzicho (ayironi) chimangomatirira kunja, kapena chimasintha pulasitiki yeniyeniyo?

Yankho loyamba:
Bambo, zonse ziwiri zikuchitika. Timikandato, timene timatchedwa resin, ndi pulasitiki yopangidwa pophatikiza mankhwala awiri (copolymer), styrene ndi divinylbenzene; wachiwiriyu kawirikawiri amakhala 8 peresenti ndipo ndiye amalumikiza maunyolo aatali amene amapanga pulasitikiyo kuti asasungunuke. Pa mphete za benzene za m'maunyolowo amaikapo magulu a sulfonate, omwe ndi malo ogwirira zitsulo za m'madzi, njira imene wasayansi Gaetano D'Alelio anailembetsa ku America mu 1944. Sodiyamu, wochokera mu mchere uja, amagwira gulu limodzi mosalimba kwenikweni, koma kashiamu, pokhala ndi mphamvu ziwiri za magetsi (chaji), amagwira magulu awiri n'kukokera maunyolo pamodzi, moti mkanda umanyala pang'ono. Ayironi wa mphamvu zitatu amakakamira koposa, choncho mchere sumutha, ndipo wina amasanduka dzimbiri lotseka timabowo. Tsukani ndi mankhwala a sodium hydrosulfite, kenako muike sefa yochotsa ayironi madzi asanafike m'thankimo.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawa, ndipo kukokana kumeneku kumaonekanso bwino pa polystyrene (pulasitiki ya styrene yekha) wosalumikizidwa amene waikidwa sulfonate wochepa chabe. Polystyrene wamba amayamba kufewa pa madigiri 100, koma mukaikamo sodiyamu kapena zinki, magulu ogwira zitsulowo amaunjikana m'timiulu tating'onoting'ono, monga anafotokozera wasayansi Adi Eisenberg mu 1970, ndipo timiulu timeneti timamanga maunyolo ngati mfundo, kotero kuti pulasitikiyo imafuna kutentha kokulirapo kuti ifewe, ndipo ikasungunuka imayenda mouma. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ya zinki imayenda mosavuta kuposa ya sodiyamu, kusonyeza kuti mtundu wa chitsulo uli ndi mbali yake, osati kuchuluka kokha.

Yankho lachitatu:
Ayironi amene akukuvutitsaniyo ena amamuikamo dala. Arup SenGupta ndi anzake ku Lehigh University ku America analowetsa tizidutswa ta iron oxide m'timikanda ta resin kuti tizigwira poizoni wotchedwa arsenic m'madzi akumwa, ndipo njirayi yathandiza midzi ya ku India. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anasankha resin wogwira ma anion (tizinthu ta chaji ya negetivu, monga mmene arsenic amakhalira m'madzi), amene amakokera arsenic mkati mpaka kukafika pa ayironiyo, pamene wanu wa sulfonate amakankhira arsenic kunja.