Kasitomala wakana zithunzi za ku Cape Maclear, akuti ndi za pa kalendala

Mavuto: Anzanga thandizeni, mutu waima. Banja lina la ku Joni labwera kudzaona kwawo, anandilemba ganyu yowajambula ulendo wonse kuti ndiwapangire alubamu. Tinali ku Cape Maclear. Ndatumiza zithunzi dzulo, mayi wa banjalo akuti "zokongola ndithu, koma ndi za pa kalendala, ifeyo sitikudzionamo." Ndiye ndichite chiyani? Zonse RAW (mafayilo a kamera osakonzedwa), lens ya zoom ya 24-70mm pa kamera, dzuwa likulowa cha ku chilumba cha Thumbi lilipo, nkhwazi ikutola nsomba ndinaigwira pa liwiro la shutter la 1/2000 ya sekondi, Otter Point ilipo. Za masana zili mbuu ndi utsi wa Okutobala uno, dehaze (chochotsera mbuu pokonza zithunzi pa kompyuta) ndakoka mpaka nkhope zikuoneka zopserera. Sabata yamawa tikukwera Ilala kupita ku Likoma ndipo ndalama yotsala sanandipatse. Mwachangu chonde.

Che Jafali: Vuto ndi 24-70 yanuyo. Isiyeni kunyumba, tengani lens imodzi ya 35mm yopanda zoom basi. Zoom imapangitsa munthu kuima patali ngati wakuba.

Thoko: Achimwene, amayiwo akuuzani kale vuto, werenganinso uthengawo. Nkhwazi ya ku Thumbi aliyense ali nayo, anyamata a boti amaiponyera nsomba tsiku ndi tsiku. Koma ndani ali ndi chithunzi cha mwana wobadwira ku Joni akulawa usipa koyamba, nkhope itakwinyika? Kapena agogo atakwinya chitenje m'maondo, akuponda madzi omwe anawasiya kalekale? Musananyamuke khalani nawo pansi muwafunse kuti ku Likoma akukatani. Ngati kuli manda a makolo, kapena wina anabatizidwira m'tchalitchi cha St Peter's, alubamu yanu ili pamenepo. Ine ndimajambula manja kwambiri, akumanga katundu, akuwerenga ndalama za tikiti, akusenda chinangwa. Ndipo musamatsitse kamera mukatha kujambula cha gulu chija, anthu amamasuka mukangonena kuti basi tatha.

Che Jafali: Zonse akunena a Thokozi zimatheka ndi 35mm. Ndi zoom mudzajambula manjawo muli mamita khumi, chithunzi chozizira.

Madala Phiri: Za luso ndisiyira anawa, ine ndikuchenjezeni za sitimayo. Ilala ndi ya 1951, si malo oyalapo zida. M'madoko opanda jeti anthu amatsikira m'maboti, kukankhana, matumba a ufa, malata, nkhuku, zonse pamutu panu. Chaka china ndikujambulira bungwe lina, mnyamata wanga anaika chikwama cha kamera pansi m'boti, pambali pa thumba la nsomba zaziwisi. Pofika kumtunda madzi a nsomba anali atalowa mpaka m'thumba la mabatire. Lens inapulumuka koma chikwamacho tinachitaya, amphaka ankatilondola. Gulani dry bag, kapena majumbo awiri okhuthala. Lamba wa kamera m'khosi nthawi zonse. Ndipo musasinthe lens pamchenga, mchenga wa kunyanja ukalowa mu zoom ring mudzaumva ukukukuta mpaka kale.

Che Jafali: Mwamva? Ndi 35mm palibe zosinthasintha lens.

Gift wa Mzuzu: Za utsizo iwalani, dehaze sichotsa utsi wa moto wa tchire, imangodetsa khungu. Ngati mukuifuna, pangani mask kuti igwire kumwamba ndi madzi okha, anthu muwasiye. Polarizer, kagalasi koika kutsogolo kwa lens, imathandiza kuchotsa kunyezimira pamadzi koma phiri la kutali likhalabe mbuu, ndipo imakudyerani kuwala pafupifupi ma stop awiri (stop imodzi ndi theka la kuwala). Masana alowetseni anthu pamthunzi wa mlambe, ku Likoma milambe ndi mbwee, muyeze kuwala pankhope osati pamadzi. Mukayeza pamadzi khungu lathuli limangoda bii, maso osaoneka. Utsi womwewo madzulo ndi bwenzi lanu, dzuwa limafiira bwino.

Nabanda: Ine nkhawa yanga ndi ina. Mukamva "moyo" musathamangire kukajambula anthu a kumudzi ngati zokongoletsera alubamu ya alendo. M'mawa m'mbali mwa nyanja amayi amakhala akuchapa, ena akusamba, ana ali maliseche. Kamera pansi pamenepo, ngakhale kuwala kukome bwanji. Ana akamakuwa kuti tijambuleni, funsani kholo kaye. Ndinaona mlendo wina ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, atazunguliridwa ndi amayi chifukwa cholozetsa lens yaitali kumene ankasamba, mpaka nkhani inakathera kwa amfumu. Woperekeza wake ndi amene anavutika kupepesa.

Madala Phiri: Zoona mayi. Asodzinso pa thandala la usipa, perekani moni, chezani, gulani ka mbale kamodzi, kenako pemphani. Mukangofika ndi kujambula adzakutchulirani mtengo, ndipo akulondola. M'tchalitchimo funsani akuluakulu a mpingo, nthawi ya mapemphero flash ayi. Likoma yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, alendo anu akatengeka zowolokera ku Cobue musalozetse kamera kwa asilikali kapena pa ofesi ya za malire. Pa roadblock ya kwathu konkunonso chimodzimodzi.

Gift wa Mzuzu: Drone musatenge ngati mulibe chilolezo cholembedwa. Ku Cape Maclear kuja mbali ina ndi paki, sindikudziwa ngati munaulutsa, musatiuze pano.

Mavuto: Sindinaulutse. 35mm ndilibe, ndili ndi lens ya 50mm f/1.8. A Thoko, nanga anthu okana kujambulidwa? Bambo wa banjalo akangoona kamera amaima njo ngati chithunzi cha pasipoti.

Che Jafali: 50 ndi yopapatiza, mu sitima mudzagunda khoma musanakwanitse anthu atatu. Bwerekani 35.

Thoko: Apatseni chochita bambowo. Anyamule mwana, akambirane mtengo wa nsomba, aloze kumene kunali nyumba ya kwawo. Munthu wotanganidwa amaiwala nkhope yake. Zimitsani beep, silent shutter ngati ilipo, ndipo tsiku loyamba musamawaonetse kuseri kwa kamera, akayamba kudziona ayamba kudzikonza. Koma a Jafali, 24-70 ili ndi 35 mkati mwake. Angoimata tepi pa 35 nkhani yatha.

Che Jafali: Si zofanana. Kulemera kwake kokha munthu amadziwa kuti akujambulidwa. Ine ukwati wonse wa ku Malindi ndinaumaliza ndi lens imodzi, mpaka lero amandiimbira.

Madala Phiri: Ukwati si ulendo, Che Jafali. Paukwati anthu anabwera kudzajambulidwa. Mwandikumbutsa za ku Dedza, mzungu wina tinali naye anaona gule akudutsa pamsewu, kutsitsa galasi n'kuyamba kujambula motsatizana (burst) osapempha. Tinatuluka m'mudzimo titasiya ndalama ya mafuta yonse, dalaivala akunjenjemera. Mpaka pano ndikaona zilombo kamera ndimaiika pansi pa mpando.

Nabanda: Komanso Mavuto, pa mgwirizano wanu munalemba kuti ndalama yotsala idzaperekedwa zithunzi zikaperekedwa, kapena zikakondedwa? Chifukwa ngati simunalembe, za Likomazo mungathe kugwira yaulere.

Gift wa Mzuzu: Alipo akudziwa ngati masoketi a pa deki ya pamwamba mu Ilala akugwira ntchito masiku ano? Inenso ndili ndi ulendo wa ku Chizumulu mwezi wamawa, mabatire ndili nawo awiri okha.

Che Jafali: Tengani power bank. Ndi 35mm.