Nyimbo yoyambira kwa mwana wophunzira gitala

Bambo wa ku Mpondasi

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaimba gitala. Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wathawu anatengera mwana wanga wa zaka 14 gitala ya zingwe zachitsulo, ndipo chiyambire tsiku limenelo mnyamatayu akulimbana ndi nyimbo zachizungu zimene amaonera pa YouTube, koma palibe ndi imodzi yomwe imene waifikitsa kumapeto. Amayamba bwino ndithu, akangofika pa chord (kagwiridwe ka zala pa zingwe) ya F amaima, nakoleka gitalayo pakhoma atakwinya nkhope. Kodi inu munayambira nyimbo zotani, ndipo ndimulangize chiyani?

Mphunzitsi wa kwaya, Malindi

Bambo, mwana wanu sanalakwe, koma wayambira pokwera. Chord ya F imafuna kuti chala cholozera chigone pa zingwe zonse zisanu ndi chimodzi pafupi ndi mutu wa gitala, pomwe zingwezo zimalimba kwambiri, ndipo ngakhale akuluakulu amatha miyezi asanaitulutse momveka. Ine ana anga a kwaya ndimawayambitsa ndi G, C ndi D basi, chifukwa makolasi ambiri a m'tchalitchi amayenda pa zitatuzi. Chachikulu n'chakuti nyimbo yoyamba ikhale imene mwanayo amaiimba kale pakamwa, pakuti khutu lake ndi limene lidzamuuze nthawi yosintha zala, osati munthu wa pa foni uja. Ngati nyimbo imene akuikonda ikuyenda pa C, F ndi G, aisamutsire pa G, C ndi D; idzamveka yomweyo, kungoti mawu ake adzakwera kapena kutsika.

Mkulu wa ku Monkey Bay

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikuona kuti vuto la ana a masiku ano lili ku dzanja lamanja. Ife tinayambira pa banjo yokhoma tokha, ya chigubu cha mafuta a injini, khosi la thabwa ndi zingwe za twaini wa asodzi kapena waya wa mabuleki a njinga. Sitinkadziwa kuti chord ili ndi dzina. Tinkangomvera pa wailesi mmene Daniel Kachamba wa ku Chileka ankazungulira pa malo atatu okhaokha m'nyimbo zake za kwela, ife n'kumabwereza mpaka dzuwa kulowa, ndipo chimene chinkavinitsa anthu padoko chinali kamenyedwe ka zingwe, osati kuchuluka kwa ma chord.

Choncho mnyamatayo atenge nyimbo ya reggae ya ma chord awiri, monga Am (A minor) ndi G, aziponda phazi pansi n'kumamenya zingwe pakati pa kuponda kumodzi ndi kwina, kwa sabata yathunthu. Mwana wokulira kuno wamva ng'oma za beni ndi manganje chibadwire, kotero nthawi ya nyimbo ili kale m'thupi mwake. Onaninso mmene Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930, anagwedezera achinyamata a pa TikTok ndi nyimbo zosavuta kutsatira. Ndikanakhala ine, ndikanayambira pamenepo.

Mayi wa ku Namwera

Musanaweruze nyimbo, yang'anani kaye gitalayo. Kutentha kwa ku Mangochi boma ndi chinyontho cha m'mphepete mwa Shire zimapinditsa khosi la gitala ndi kuchititsa dzimbiri zingwe, ndipo zingwe zikatukuka kwambiri zimapweteka zala mpaka kutulutsa matuza. Yanga yoyamba ndinaigula yotero pa msika wa kaunjika, ndipo ndinadziyesa wopanda luso kwa chaka chonse kufikira mlongo wanga ataipala pang'ono mbali yoyera imene zingwe zimatsamira. Mwanayo azichuna gitalayo nthawi zonse asanayambe, kuchokera ku chingwe chonenepa: E, A, D, G, B, E. Mphindi 20 tsiku lililonse ndi zokwanira kuti nsonga za zala zikhwime.

Bambo wa ku Mpondasi

Zikomo nonse. Ndayang'ana monga mwanenera mayi, ndipo chapakati pa khosi zingwe zatukuka moti pensulo ikutsala pang'ono kulowa pansi pake. Loweruka tipita nayo kwa mmisiri, kenaka ayambe ndi G, C ndi D pa nyimbo imene agogo ake amakonda kumuimbira.