Kadontho kofiira kali pa mwezi koma mu telesikopu muli mdima wokhawokha, ndithandizeni

Bambo_a_Tiya

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya red dot finder, kachipangizo kolozera telesikopu pa chinthu chimene ukufuna kuona. Mlamu wanga wa ku Johannesburg anandibweretsera telesikopu yoti inagwirapo kale ntchito, ija yaifupi yoika patebulo, Dobsonian ya galasi la 130mm, pambali analembapo 650mm, ndipo inabwera ndi ma eyepiece (timagalasi tosuzumirapo) awiri, ya 25mm ndi ya 10mm. Pamwamba pake pali kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi kagalasi, ukakayatsa kamaonetsa kadontho kofiira. Batire ndinaikamo latsopano ndipo kadontho kakuyaka bwinobwino. Vuto ndi loti ndikaika kadonthoko pakati penipeni pa mwezi kenako nkusuzumira mu eyepiece mumangokhala bii, ndimachita kuyendetsa telesikopu yonse uku ndi uku mpaka kuwala kutulukire chakumbali, ndiye ndikaupeza mweziwo nkubwerera pa finder ndimapeza kadontho kali kutali, kumunsi chakumanja. Mwezi bola ndi waukulu umapezeka, koma Jupiter wandikanika ndithu ndipo mtsikana wanga wa Fomu 2 akufunitsitsa kuona miyezi yake ija. Pali timawilo tiwiri, kena pambali kena kumbuyo chapansi, sindinatigwire kuopa kuwononga chifukwa kabuku sikanabwere. Kodi chinthuchi ndi chakufa kapena pali chochita? Ndili ku Zomba.

Nthanda_wa_ku_Ndirande

Achimwene musadandaule, palibe chawonongeka apa. Finder iliyonse imafunika kuigwirizanitsa kaye ndi telesikopu, ndipo yanuyo yayenda ulendo wautali ndiye sizodabwitsa kuti yasokonekera. Timawilo mukuopa kutigwirato ntchito yake ndi imeneyi, kena kamayendetsa kadontho kumanzere ndi kumanja, kena kamakweza ndi kutsitsa. Kachitatu kaja mumayatsira ndi kowonjezera kapena kuchepetsa kuwala basi.

Chinthu chimodzi choti mugwire ndi ichi: amene amatsogola ndi telesikopu, kadontho kamatsatira. Anthu ambiri amayamba kuika kadontho pa chinthu kenako nkumakafufuza mu eyepiece, pomwe pa tsiku lokonza zimayenda mosiyana, mumayamba mwapeza chinthucho mu eyepiece, telesikopu nkuisiya phee, kenako nkubweretsa kadontho pamenepo ndi timawilo tija.

Ndiye chitani masana, makamaka nthawi ya madzulo dzuwa litapendeka. Ikani telesikopu pa tebulo losagwedera kapena pa simenti. Sankhani chinthu chakutali chosasuntha, mamita 500 kapena kuposa, ngati nsonga ya tawa ya netiweki, mtanda wa pa tchalitchi, kapena thanki ya madzi. Chikhale chinthu choti simungachisokoneze ndi china, chifukwa mukasankha polo ya magetsi pamzere pomwe pali mapolo khumi mudzapeza kuti eyepiece ili pa polo ina kadontho mwaika pa ina. Ikani eyepiece ya 25mm, osati ya 10mm. Werengani motere, 650 kugawa ndi 25 ndi 26, ndiye imakulitsa ka 26, pomwe ya 10mm imakulitsa ka 65 ndipo malo amene mukuona amachepa kwambiri, kupeza chinthu kumavuta. Yang'anani motsatira thupi la telesikopu kuti muloze chakomweko, kenako suzumirani nkumayendetsa pang'onopang'ono mpaka tawa ija ilowe, konzani focus kuti chithunzi chioneke bwino, ikani nsonga yake pakati. Musadabwe kuiona ili chadodolido, matelesikopu a galasi a mtundu wa Newtonian amaonetsa choncho, si vuto.

Mukatero limbitsani pang'ono chomangira cha pambali chija kuti isatsike yokha, ndipo musaikhudzenso. Yatsani kadontho, masana muonjezere kuwala mpaka kumapeto apo ayi simukaona. Imani kumbuyo kwa finder, mutu utalikireko pang'ono, potokolani timawilo mpaka kadontho kakhale pa nsonga yomwe ija. Bwererani mu eyepiece mukaone ngati nsonga idakali pakati chifukwa popotokola dzanja limakankha osadziwa. Ngati yasuntha ibwezeni, konzaninso kadontho. Zikakhala bwino sinthani muike ya 10mm, muona kuti nsonga yapatukako pang'ono, ibwezeni pakati nkumalizitsa ndi timawilo. Poyesa, tembenuzani telesikopu iloze kwina, kenako ibwezeni pogwiritsa ntchito kadontho kokha, mukasuzumira tawa ikhale ili momwemo.

Aphunzitsi_Opuma

Zomwe anena a Nthanda ndi zoona zonse. Ine ndionjezere ziwiri, choyamba ndi chenjezo ndipo ndikunena ndi mtima wonse poti mwatchula mwana. Masana telesikopu isaloze kumene kuli dzuwa ngakhale kamphindi. Galasi la 130mm limasonkhanitsa kuwala kochuluka zedi, diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira. Imikani telesikopu pamthunzi wa nyumba pomwe dzuwa latchingidwa ndi khoma, lozani mbali ina, ndipo mukalowa m'nyumba ngakhale kukangomwa madzi vindikirani kapena lowani nayo. Ana a pamudzi akaona chinthu chotere amabwera ambiri, ndipo chimene amathamangira kufuna kuona ndi dzuwa lomwelo.

Chachiwiri ndi chifukwa chake tikuumirira za kutali, poti ena amaona ngati tikungovutitsa. Finder ndi telesikopu sizili pamalo amodzi, finder yakhala pamwamba, tinene masentimita 15 kuchokera pakati pa galasi. Mukazigwirizanitsa pa mtengo wa mango womwe uli pa mamita 20, mizere iwiriyi ikukakumana pa mtengowo kenako nkupatukana, ndipo kusiyana kwake kumafika pafupifupi theka la digiri. Theka la digiri ndiye kukula kwa mwezi wathunthu tikamauona kumwamba. Eyepiece yanu ya 10mm imaonetsa malo osakwana digiri imodzi kuchokera mbali ina kufika ina, ndiye ndi kulakwika kotereku Jupiter adzakhala ali kumphepete kapena kunja kumene. Koma pa kilomita imodzi masentimita 15 aja sakhalanso kanthu. Ku Zomba muli ndi mwayi, phiri lili pomwepo, sankhani thanthwe looneka bwino kapena mtengo woima wokha pamwamba pake.

Za kuyesera pa mwezi ine sindimalimbikitsa kwenikweni, kupatula ngati poyambira. Ndi waukulu, pakati pake mumachita kuganizira, komanso ukuyenda. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza kuti pa mphindi ziwiri zokha mwezi wasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Inu muli kalikiliki ndi timawilo, iwo wachoka kale.

WakuLeeds

Kuno ku UK anzanga a zinthuzi onse amangoti gwiritsa ntchito Polaris basi, ndipo ndi zoona imathandiza, ndi nyenyezi yoti siyenda usiku wonse ndiye umapotokola timawilo mosathamanga. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amanenanso zomwezo chifukwa opanga ake ali ku America ndi ku Ulaya. Koma achimwene musataye nthawi kuifufuza, ku Malawi Polaris siioneka, ili pansi pa chizimezime poti tili kummwera kwa equator. Kumwamba kwa kummwera kuli ina yotchedwa Sigma Octantis yomwe ili pafupi ndi pomwe thambo limazungulirira, koma ndi yozilala moti ngakhale kumudzi kopanda magetsi umachita kuivutikira, ndiye pa kagalasi ka finder simungaione ndi pang'ono pomwe.

Chomwe ndinaona chikuthandiza ndikabwera kumudzi ndi kugwiritsa ntchito nyenyezi zowala za chakummwera. Alpha Centauri kapena Acrux, ija ya kuphazi kwa Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, zimayenda pang'onopang'ono mu eyepiece, pafupifupi theka la liwiro la nyenyezi za ku Orion, chifukwa zili kufupi ndi pakati pozungulirapo. Miyezi ya Epulo mpaka Julayi madzulo zimakhala zili pamwamba bwino. Nthawi ya dzinja mitambo ikapereka mpata pali Canopus ndi Sirius. Ubwino wa Alpha Centauri ndi woti palibe ina yowala choncho pafupi kupatula mnzake Hadar, ndiye simusokonezeka kuti kodi ndaloza iti. Ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni ikuonetseni pomwe zili, ili ndi poyatsira kuti sikirini ikhale yofiira isakuthobweni m'maso.

Ndiye kwa ine ndondomeko ndi masana pa tawa monga anenera a Nthanda, usiku nkungomalizitsa pa nyenyezi, kamphindi kochepa basi.

Nachisale_Mzuzu

Bambo a Tiya, ine ndilankhule za kayang'anidwe poti ndi pomwe ana anga a kalabu ya sayansi amavutikira. Finder imeneyi sikulitsa chilichonse, ndi kagalasi chabe komwe kamabweza kuwala kwa ka LED kuti kadontho kaoneke ngati kali kumwamba komweko. Si laser, palibe chimene chikupita kumwamba. Ndiye musatsinzine diso limodzi nkukanikiza nkhope pa kagalasi ngati mukusuzumira pa bowo la kiyi. Maso onse awiri akhale otsegula, mutu kumbuyo, yang'anani nyenyeziyo osati kagalasi, kadontho kadzangooneka kakuyandama pa thambo. Ngati simukukaona yendetsani mutu pang'ono mmwamba ndi mmunsi, kamaoneka pokhapokha diso lili pamzere.

Usiku chepetsani kuwala mpaka kangotsala pang'ono kuzima. Kakawala kwambiri kamaphimba nyenyezi yomwe mukufunayo komanso maso amataya kuzolowera mdima, pomwe kuti azolowere pamafunika mphindi 20 kapena 30. Kagalasi kajanso kamadetsa pang'ono, nchifukwa chake diso linalo liyenera kukhala lotsegula kuti lizionabe nyenyezi zozilala.

Batire lake nthawi zambiri ndi CR2032, lija lozungulira laphanthiphanthi la 3V lomwe limakhalanso mu kompyuta ndi m'makiyi a galimoto. Limatha chifukwa choiwala kuzimitsa, makamaka mukakonza masana poti kadontho sikaoneka kuti kakuyaka. Muzimva kuti kalira "tiki" pozimitsa, ndipo sungani lina m'thumba la ma eyepiece. Kuno ku Mzuzu mwezi wa Juni mame amagwa msanga, kagalasi kamachita nthunzi kadontho nkusanduka chibuluma chofiira, ku Zomba ndikhulupirira ndi chimodzimodzi. Musapukute ndi malaya, kamakalika msanga, gwiritsani kansalu ka magalasi a m'maso.

Ndipo mumuuze Tiya kuti Jupiter akangolowa mu eyepiece ya 25mm miyezi inayi ija, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, adzaiona ngati timadontho toyera tili pamzere, ndi yomwe Galileo anaiona mu 1610. Tsiku lina idzaoneka itatu chifukwa wina wabisala kuseri kapena akudutsa kutsogolo. Azijambula m'kope usiku uliwonse aone mmene ikusinthira malo. Ntchito yopotokola timawiloyo mumupatsenso iyeyo achite, ana amagwira msanga.

Bambo_a_Tiya

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Tayesa madzulo ano pa tawa ina yomwe imaoneka patali kuchokera pakhonde. Kumanzere ndi kumanja zatheka bwinobwino, kadontho kafika pamzere wa tawa. Koma kokweza kaja ndapotokola mpaka kalimba, sikakupitanso, ndipo kadontho kadakali pansi pa nsonga, katsala kamtunda ndithu. Ndaopa kukakamiza. Apa ndiye nditani?

Nthanda_wa_ku_Ndirande

Mwachita bwino osakakamiza achimwene, mkati mwake ndi pulasitiki ndi kasipuling'i, mukapitiriza mazinga amatha. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndipo nthawi zambiri vuto silikhala pa timawilo, limakhala pa phazi pomwe finder yakhalira pa telesikopu.

Yambani mwabweza kawilo kokwezako pakatikati, werengani kuti kamazungulira kangati kuchokera kumapeto ena kufika ena nkukasiya pa theka. Kenako masulani finder yonse muichotse, muone pansi pake. Mwina sinalowe mpaka kumapeto m'kanjira kake, mwina yakhala mopendama chifukwa chomangira chinalimbitsidwa isanakhazikike, mwinanso timabawuti togwira phazilo ku thupi la telesikopu tamasuka paulendo. Pukutani fumbi, ikankhireni mpaka igunde, igwireni ndi dzanja limodzi ili phwathalala kwinaku mukumanga. Mumange molimba koma ndi zala zokha, osati ndi pulayala. Onaninso kuti kagalasi kali kutsogolo, mbali yoloza kumwamba, ka LED kali kumbali kwanu. Ndipo ngati telesikopu yanu ndi ija yokoka kuti italike, onetsetsani kuti mwaikoka mpaka kumapeto nkumanga mbali zonse ziwiri, chifukwa ikatsala pang'ono zonse zimasokonekera, ndi focus yomwe.

Mukachita zonsezi koma nkumaperewerabe, ikani kophinjikira. Kadontho kakakhala pansi pa chinthu ndiye kuti finder yaweramira pansi, ikufunika kudzutsa mphuno, choncho kophinjikirako kapite pansi pa phazi chakutsogolo. Kakanakhala pamwamba mukanaika chakumbuyo. Dulani kachidutswa ka khadi yakale yapulasitiki kapena ka chitini cha zakumwa, katoni ndi wosadalirika poti akanyowa ndi mame amafewa ndipo mawa mupeza zasinthanso. Yambani ndi kamodzi kopyapyala, phazi lija ndi lalifupi ndiye ngakhale milimita imodzi imasuntha kadontho kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Cholinga ndi choti kadontho kafike pafupi ndi nsonga timawilo tili pakatikati, kuti mutsale ndi mpata wokonzera mbali zonse.

Mukamaliza musamainyamule telesikopu pogwira finder, ndipo ngati malo osungira alipo isiyeni ili pomwepo osachotsachotsa. Usiku uliwonse musanayambe lozani nyenyezi yowala imodzi ndi ya 25mm muone ngati zikugwirizanabe, zikasiyana pang'ono konzani pomwepo, kenako pitani pa Jupiter. Mukamupeza muikeni pakati kaye musanasinthe kuika ya 10mm, ndipo sinthani mwachangu poti pa 65 amatuluka pasanathe mphindi ziwiri.