Florida Prepaid ngati mwana adzaphunzira kumudzi

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimakhala ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, ndipo ndikufuna kulipiriratu fizi ya ku koleji ya mwana wanga wa zaka 6 kudzera mu Florida Prepaid, pulani ya 529 (ndondomeko ya ku America yosungira ndalama za maphunziro) yomwe kholo limalipira mwezi ndi mwezi pa mtengo wokhazikitsidwa lero. Nkhawa yanga ndi yakuti mwina tidzabwerera kumudzi iye asanamalize sekondale. Ndawerenga malamulo ake, ndipo akuti sukulu ya kunja iyenera kukhala yovomerezeka kulandira ngongole za ophunzira za boma la America, koma mlangizi wa ku banki sanathe kundimasulira bwino. Kodi alipo amene anagwiritsapo ntchito ndalamazi pa yunivesite ya ku Malawi kapena ku South Africa? Nanga ndikadzathetsa pulaniyi, msonkho udzakhala wotani pa ndalama zobwezedwazo?