Kodi udzudzu ungaphunzire kupirira mankhwala a m'masikito?

Mlimi wa ku Santhe:
Abale anga, kuno anthu akunena kuti udzudzu wazolowera mankhwala a m'masikito. Kodi kachilombo kotere kangaphunziredi kupirira poizoni?

Mphunzitsi wa ku Chulu:
Ayi bambo, udzudzu suphunzira kanthu. Pakati pa udzudzu wambirimbiri pamabadwa wochepa umene thupi lake limagonjetsa mankhwalawo, ndipo wofooka ukafa, wotsalawo ndiwo umaikira mazira m'zithaphwi, ana ake n'kutengera mphamvu yomweyo. Popeza dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masabata pafupifupi awiri, mibadwo imasinthana mofulumira kwambiri. Kusankha kwa chilengedwe kumeneku ndiko anakufotokoza katswiri wa sayansi Charles Darwin mu 1859.

Mayi wa ku Chamama:
Aphunzitsi anena zoona. Zoterezi zinachitikanso ku Gorongosa, malo osungirako nyama zakuthengo m'dziko la Mozambique: pa nkhondo ya 1977 mpaka 1992 njovu za minyanga zinaphedwa zambiri, motero zazikazi zobadwa zopanda minyanga zinachuluka. Zimandimvetsa chisoni ndikaganizira njovu zathu za ku Kasungu.

Namwino wopuma:
Komabe bambo, musaleke kugona m'masikito, chifukwa ukonde wosang'ambika umatchinga ngakhale udzudzu wopirirawo.