Ndithandizeni nzeru: mwana akuzunzidwa m'dzina la Mulungu

Admin, chonde ndibisireni dzina. Ndili ku Mangochi kuno, ndikulera mnyamata wa zaka 15, mwana wa malemu achemwali anga. Ali Fomu 2. Chibadwire ndi wofatsa, mawu ake ndi aang'ono, mpira sakonda. Sanandiuzepo kalikonse, inenso sindinamufunse, koma anthu anagamula kale mlandu wake.

Zinafika poipa titamva ulaliki wa Sodomu ndi Gomora kutchalitchi kwathu. Mlaliki sanatchule dzina, anangoti "ngakhale muno alimo", achinyamata onse n'kutembenukira kwa iye. Lolemba lake anapeza pa desiki atalembapo "mathanyula". Anzake achikhristu akuti ali ndi chiwanda, achisilamu akuti ndi wa anthu a Luti, asamamwere kapu imodzi ndi iwo. Sabata yatha anamudikirira panjira n'kumumenya. Anafika mlomo utatupa, shati ya yunifomu itang'ambika paphewa, makope ali mchenga wokhawokha. Nditapita kusukulu, mphunzitsi wina anandiyankha kuti "naye asinthe kayendedwe".

Pano akukana sukulu, nsima akungoinyema kawiri n'kusamba m'manja. Usiku wina anati, "Mayi aang'ono, bola Mulungu akanangonditenga." Mawu amenewa akundisowetsa tulo.

Amayi a kumpingo akuti timutengere kuphiri akasale kudya, chiwanda chituluke. Ine ndine wopemphera, mpingo wanga ndimaukonda, koma ana omwe akumumenyawa mawu awo akuwatenga paguwa ndi kumadrasa, sanawapeke okha. Anaonanso mu July 2023 abusa, ansembe ndi mashehe akuguba m'misewu pa nkhani yomweyi. Mwana akaona zotero amaganiza kuti kugenda mnzake ndi ntchito ya Mulungu.

Kupolisi ndikuopa. Khoti la konkuno linagamula munthu wina, Jana Gonani, mu 2021 potsatira malamulo oletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linati malamulo aja akhalebe. Nanga ndikakadandaula, sakatembenuzira mlandu kwa mwanayu? Ndiyambire pati, abale?

Bambo wa ku Namwera: Mayi, ine ndine Msilamu. Zimene chipembedzo changa chimaletsa ndimazidziwa, koma palibe pamene tinauzidwa kumenya mwana chifukwa cha mawu ake kapena kayendedwe. Komanso uyu ndi wamasiye, ndipo za wamasiye tinachenjezedwa kwambiri. Ngati mukuwadziwa makolo a anawo, pitani kwa shehe wa mzikiti wawo, mupite ndi munthu wamkulu.

Mayi wina: Musamunyengerere ayi. Mutengereni ku mapemphero zisanakhazikike.

Mphunzitsi: Amayi amene mukuti mapempheronu, mwana sakudya kale, mukufuna akamusalitsenso kuphiri? Kwa mwini nkhani: malamulo mukuwaopawo amanena za mchitidwe wogonana, osati maonekedwe kapena mawu a munthu. Amene walakwira lamulo apa ndi womenya. Tilinso ndi lamulo loteteza ana la 2010. Musathere pa mphunzitsi mmodzi uja. Kaonaneni ndi ahedi, mulembe kalata n'kusunga kope lanu, muuzenso a mother group ndi komiti ya sukulu. Akazengereza, pitani ku ofesi ya social welfare paboma. Pofotokoza nenani za kumenyedwako basi, simukukakamizidwa kuyankha mafunso oti mwanayo ndi wotani.

Namwino: Mawu oti "akanangonditenga" musawatenge mopepuka. Lero lomwe khalani naye pansi, mumufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi zichotseni m'nyumba. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo mupite naye kuchipatala akamuone mabalawo, zilembedwe m'buku lake. Akamve kuchokera pakamwa panu kuti pakhomopo sadzathamangitsidwa, zivute zitani. A CEDEP, bungwe loteteza ufulu wa anthu, amadziwanso bwino nkhani zoterezi.

Mwini nkhani: Zikomo nonse. Mankhwala ndachotsa, madzulo ano ndilankhula naye, mawa tilawirira kuchipatala. Chatsala ndi cha abusa athu. Ndikufuna ndikawauze zimene ulaliki uja wabala, koma ndikuopa kuti Lamulungu likubwerali nkhani ingakatulukenso paguwa. Alipo anayesapo kulankhula ndi abusa ake pa zoterezi? Munapita nokha kapena ndi mkulu wa mpingo?