Tchuthi cha ubambo chija ndinatenga

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati n'kwanzeru kupempha tchuthi cha ubambo pantchito pomwe anthu amaweruka 8 koloko usiku, ndipo wotuluka 5 koloko amamuyang'ana ngati waba.

Ambiri munati ndingolankhula ndi abwana pakamwa. Ine ndinatsatira malangizo a mayi wina amene anati ndilembe kalata yotchula lamulo la zantchito la Employment Act monga linasinthidwira mu 2021, loti bambo ali ndi ufulu wa milungu iwiri yolipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Kalatayo ndinaipereka kutatsala mwezi ndi theka, pamodzi ndi pepala losonyeza amene agwirizire ntchito zanga. Pepala limeneli ndi lomwe linathandiza kwambiri. Abwana anafunsa kuti, "Mesa agogo ake alipo?" koma anasaina.

Akazi anga anachira kudzera opaleshoni. Masiku oyamba sankatha ngakhale kudzuka okha pabedi. Ndine ndinkawapatsira mwana kuti ayamwitse, kuchapa matewera m'bandakucha, kuwaphikira phala. Apongozi anafika tsiku lachisanu, ndipo mtima umandipweteka ndikaganiza kuti masiku anayi onsewo akazi anga akanakhala okha.

Chimene ndinalakwitsa n'kusiya foni yotsegula. Gulu la WhatsApp la kuntchito linkalira mpaka usiku, ine n'kumayankha mwana ali pachifuwa. Inu mukamapita, muuziretu munthu mmodzi yekha woti azikuimbirani pakagwa zadzidzidzi, enawo adikire.

Nditabwerera, mnyamata wina wa muofesi yathu anandikokera pambali n'kundipempha kalata ija. Akazi ake akuyembekezera.